Wovulala kwa Tengani Amadutsa Njira Yotani?

Mwananga, wandifunsa chifukwa chake anthu awiri akavulala mofanana, wina mumzinda wa Blantyre wina kuno kwa Tengani, kawirikawiri wamumzinda amachira koma wakunoyu amatisiya. Funso limeneli ndi la munthu woganiza. Yankho lake silili m'matupi mwa anthu awiriwo, pakuti magazi a Msena kapena Mmang'anja sasiyana ndi a munthu wa ku Ndirande. Yankho lili m'njira imene wovulala amadutsa kuchokera pamene wagwera kufikira pamene wapeza manja odziwa ntchito. Tiyiyende njirayo pang'onopang'ono.

Tiyambe ndi kuvulala kwenikweniko. Tikati kuvulala tikunena kuwonongeka kwa thupi kobwera mwadzidzidzi ndi mphamvu yochokera kunja: kugundidwa ndi galimoto, kugwa mumtengo wa mango, kupsa ndi moto kapena phala, kutemedwa ndi chikwanje, kulumidwa ndi ng'ona, kugweredwa ndi khoma nthawi yamvula. Malungo amayamba ndi kuphwanya m'thupi, amakupatsa mpata woganiza zochita. Kuvulala sikupereka mpata. Munthu wadzuka bwinobwino m'mawa, pofika masana moyo wake uli m'manja mwa anthu odutsa m'njira.

Vutoli si laling'ono. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 4.4 miliyoni amafa chifukwa chovulala. Lipoti lake la 2023 linati ngozi zapamsewu zokha zimapha anthu 1.19 miliyoni pachaka, ndipo 92 mwa 100 alionse mwa anthu amenewa amafera m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Za dziko lathu, lipoti la 2018 linayerekeza kuti anthu 31 mwa 100,000 alionse amafa pamsewu chaka ndi chaka. Chiwerengero chimenechi ndi chimodzi mwa zikuluzikulu padziko lapansi, chikhalirecho galimoto zathu ndi zochepa poyerekeza ndi za maiko olemera. Ofawo ambiri si okalamba ayi. Ndi anyamata a kabaza, amayi opita kumsika, ana apasukulu.

Tsopano tifike pa mawu amene ndikufuna uwagwire bwino: dongosolo la chisamaliro cha ovulala. Dongosolo limeneli si nyumba imodzi, si dokotala mmodzi, si ambulansi. Ndi mgwirizano wa zinthu zonse zimene ziyenera kuchitika motsatana: munthu woyamba kufika pangozi adziwe chochita, pakhale chonyamulira wovulala, chipatala chapafupi chimuteteze kuti asafe panjira, chipatala chachikulu chikonze chimene chawonongeka, ndipo pomaliza munthuyo aphunzitsidwenso kuyenda ndi kugwira ntchito. Ganizira ngalande yamthirira. Madzi angachuluke bwanji mu Shire, ngalande ikagumuka pamalo amodzi, mpunga wakumunda uuma. Chimodzimodzi, madokotala a ku Blantyre angakhale odziwa bwanji, sangathandize munthu amene wathera magazi panjira, pa Phokera.

N'chifukwa chiyani kutsatana kumeneku kuli kofunika chotere? Chifukwa cha nthawi. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5. Fupa la m'ntchafu likathyoka, lita imodzi kapena kuposerapo ingathe kutayikira mkati mwa mnofu popanda dontho looneka kunja. Mafupa a m'chiuno akasweka, kapena kapamba akang'ambika, magazi otayika amaposa pamenepo. Magazi akachepa kwambiri thupi limayamba kuzima: khungu limazizira ndi kuchita thukuta, mtima umagunda mofulumira koma mofooka, munthu amamva ludzu, amayamba kubwebweta. Mkhalidwe umenewu azachipatala amautcha shock. Ubongo nawo ukasowa mpweya kwa mphindi zochepa chabe umayamba kufa, ndipo subwereranso.

Dokotala wina wa ku Baltimore ku America, R Adams Cowley, ankaphunzitsa kuti ola loyamba munthu atavulala ndi lamtengo wapatali kuposa maola ena onse. Usatenge ngati lamulo lakuti mphindi 60 zikakwana basi zatha. Chimene ankatanthauza ndi chakuti mphindi iliyonse yotayika imachotsako mwayi wokhala ndi moyo. Gwira mfundo imeneyi: mdani wamkulu wa wovulala ndi kuchedwa.

Pali kafukufuku amene amaonetsa bwino pamene kuchedwako kumaphera anthu. Mu 1998 Charles Mock ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atayerekeza mizinda itatu. Mwa anthu 100 ovulala kwambiri, ku Seattle ku America ankafa 35, ku Monterrey ku Mexico ankafa 55, ku Kumasi ku Ghana ankafa 63. Koma taona ichi. Ku Kumasi, 51 mwa 100 aja ankafa asanafike n'komwe kuchipatala, pamene ku Seattle ofera kunja anali 21. Kusiyana kwakukulu sikunali m'chipinda cha opaleshoni. Kunali pamsewu. Kumasi ndi mzinda waukulu wokhala ndi chipatala chophunzitsira madokotala. Nanga kuli bwanji kuno kwathu?

Akatswiri a uchembere, Thaddeus ndi Maine, mu 1994 anagawa kuchedwa patatu pofotokoza imfa za amayi oyembekezera, ndipo magawo omwewo amagwira ntchito pa ovulala. Kuchedwa koyamba ndi kochedwa kuganiza zopita kuchipatala. Kwachiwiri ndi kochedwa panjira. Kwachitatu ndi kochedwa kulandira thandizo loyenera utafika kale. Tione kulikonse monga kumachitikira m'Chigwa cha Shire.

Kuchedwa koyamba kumachitikira pakhomo. Mwana wagwa mumtengo, wagunda mutu, wakomoka pang'ono, kenako wadzuka n'kuyamba kuyankhula. Onse akuti zikomo, wapulumuka. Madzulo ayamba kusanza, akudandaula mutu, akungofuna kugona. Makolo akuti watopa, tiona mawa. Koma mkati mwa chigaza magazi akuunjikana ndi kupanikiza ubongo, ndipo mawa lija ena salifika. Wina wathyoka mkono, am'tengera kwa sing'anga amene akum'manga timitengo mothina kwambiri. Mkono ukutupa, magazi akulephera kuyenda, zala zikuchita dzanzi ndi kuda. Akamafika kuchipatala patapita masiku, chotsala ndi kudula. Enanso amayamba adikira mwini mbumba kuti alamule, kapena amayamba afunafuna lipoti la apolisi. Lipoti lingathe kudikira. Magazi sadikira.

Pamalo angozi pamafika ndani poyamba? Kuno si dokotala. Ndi woyendetsa kabaza, ndi mayi wogulitsa tomato, ndi msodzi, ndi iwe. Choncho gawo loyamba la dongosolo lonse ndi manja a anthu wamba, ndipo pano ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pamene ungathandize lero lomwe.

Choyamba, dziteteze ndipo teteza malowo. Imitsa galimoto zobwera ndi nthambi zamasamba monga timachitira, kuti ngozi imodzi isabale inzake. Chachiwiri, ona ngati munthuyo akupuma. Wokomoka akagona chagada, lilime limagwera kummero, ndipo magazi kapena masanzi amatseka njira ya mpweya. M'gonekeni chammbali, mutu, khosi ndi msana zikhale pamzere umodzi potembenuza. Musam'mwetse madzi, musam'thire madzi kumaso, musam'khazike tsonga kuti aoneke ngati ali bwino.

Chachitatu, letsa magazi. Tenga chitenje kapena malaya oyera, pinda, ika pabala, dinikiza ndi mphamvu zako zonse kwa mphindi 10 osasuzumira. Nsalu ikanyowa, onjezera ina pamwamba, usachotse yoyambayo. Ngati mwendo kapena mkono wadukaduka, monga zimachitikira ng'ona ikagwira munthu, ndipo magazi akutumphuka osaleka, manga nsalu yotambalala kumtunda kwa balalo, lowetsa kamtengo, potokola mpaka magazi asiye. Kumbukira nthawi imene wamanga ndipo ukawauze achipatala. Usathire dothi, ndowe, fodya kapena mafuta a galimoto pabala. Zimenezi zimabweretsa mafinya ndi kafumbata, matenda oumitsa nsagwada ndi thupi lonse.

Chachinayi, fupa lothyoka lisagwedezeke. Yala thabwa, bango kapena katoni m'mbali mwa mwendo, kulunga nsalu mosathina. Ngati munthu akudandaula khosi kapena msana, kapena akuti miyendo sakuimva, musam'nyamule wina kumanja wina kumiyendo. M'gonekeni pachitseko kapena pathabwa, anthu angapo anyamule pamodzi, mmodzi atagwira mutu. Anthu ena amene lero ali panjinga ya olumala sanapuwale ndi ngozi yokha. Anapuwala ndi kunyamulidwa kwa anthu achifundo koma osadziwa.

Wopsa ndi moto, m'thireni madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, kenako m'fundeni nsalu yoyera. Dzira, mankhwala otsukira mano ndi mafuta ophikira si mankhwala a moto. Wolumidwa ndi njoka asathamange, ndipo musateme, musayamwe, musamange mothina. Mwendowo ukhale chete, mum'nyamule.

Mwina ukuti, kodi zinthu zazing'ono chonchi zingasinthe chiwerengero cha imfa? Zinasinthapo kale. Kumpoto kwa Iraq ndi ku Cambodia, kumene mabomba okwiriridwa pansi ankadula anthu miyendo kutali ndi zipatala, dokotala wa ku Norway, Hans Husum, ndi anzake anaphunzitsa azaumoyo a m'midzi, ndipo iwowo anaphunzitsa anthu wamba zikwi zingapo. Pakati pa 1997 ndi 2001 imfa za ovulala zinatsika kuchoka pa 40 kufika pafupifupi 15 mwa 100. Sanagule ndege. Anaphunzitsa anthu kutsegula njira ya mpweya, kuletsa magazi ndi kufunditsa wovulala. Ku Ghana nako anaphunzitsa madalaivala a mataxi ndi maminibasi opitirira 300, poona kuti ndiwo ankanyamula ovulala ambiri. Ine ndimaona kuti pa ndalama zochepa zimene dziko lathu lili nazo, palibe pena pamene kwacha ingagule miyoyo yambiri kuposa apa.

Tibwere ku kuchedwa kwachiwiri, kwa panjira. Tayala mapu m'mutu mwako. Kuchokera kwa Tengani kupita kuchipatala cha boma ku Nsanje ndi makilomita opitirira 20. Kupita ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kumene akuluakulu amati ku Gulupu, ndi makilomita pafupifupi 150: Bangula, Sorgin, Ngabu, Nchalo, Dyeratu, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kufika pa Thabwa, kenako kukwera mapiri aja okhotakhota. Galimoto yabwino imatenga maola atatu kapena kuposerapo. Uwu ndi ulendo wa munthu amene ali kale pamsewu wa M1. Wovulalira kudimba m'mbali mwa mtsinje, kapena kumapiri a kumalire ndi Mozambique, amayamba ndi machila, ngolo kapena njinga kuti angofika patala.

Ambulansi zimene tili nazo m'maboma ntchito yake yaikulu ndi kuchotsa wodwala pachipatala china kupita naye pachipatala china, makamaka amayi ovutika pobereka. Si zothamangira pamalo angozi. Ndi zochepa, mtunda ndi wautali, mafuta amavuta, ndipo nthawi zambiri mkati mwake mulibe zida zambiri zothandizira munthu panjira. Boma, mothandizidwa ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, linayesa njira yatsopano pamsewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre: nambala yaulere ya 118, ambulansi zodikirira ngozi, ndi anthu a m'midzi ya m'mbali mwa msewu ophunzitsidwa thandizo loyamba. Maganizo ake ndi olondola. Koma chigawo choyeserera chija chinalekezera ku Blantyre, sichinatsike phiri.

Kuno tili ndi vuto linanso limene a kumtunda salidziwa bwino: msewu wathu ndi umodzi, ndipo madzi amaudula. Mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 nthawi ya namondwe Idai, mu Januwale 2022 nthawi ya Ana, ndi mu Malichi 2023 nthawi ya Freddy, chigwa chino chinamira. Namondwe Ana anadula M1 m'boma la Chikwawa, moti kwa masiku galimoto sizinkatha kutsika kapena kukwera. Nthawi zoterezi anthu a ku Makhanga kutsidya kwa Shire akhala akufikiridwa ndi maboti kapena helikopita basi. Taganiza: nthawi imene makoma akugwera anthu, malata akucheka miyendo, ng'ona ndi njoka zafika m'midzi, ndi nthawi yomweyo imene njira ya ku Gulupu yatsekeka. Phunziro lake ndi lakuti zipatala za m'chigwa muno ziyenera kutha kuima pazokha kwa masiku angapo.

Tsopano kuchedwa kwachitatu. Kuti ukumvetse, dziwa kuti zipatala zathu zili pamisinkhu itatu.

Msinkhu woyamba ndi chipatala chaching'ono, ngati chathu chino cha Tengani. Pamenepa pamakhala namwino, wothandizira dokotala ndi alangizi a zaumoyo. Palibe fiyeta, ndiye kuti chipinda chochitira opaleshoni. Palibe makina ojambulira mafupa, palibe magazi oika m'thupi. Ntchito ya msinkhu umenewu pa wovulala kwambiri si kum'chiritsa koma kum'sunga wamoyo: kuletsa magazi, kuika diripi, kupha ululu, kubaya jakisoni wa kafumbata, kutsuka bala, kumanga fupa, kuimba foni kutsogolo ndi kulemba kalata yom'tumiza. Kuimba foni kutsogoloko usakupeputse. Wovulala amene akuyembekezeredwa amapeza fiyeta itakonzedwa, pamene wongotulukira amayamba kufunafuna amene ali ndi makiyi.

Pali mankhwala ena otsika mtengo otchedwa tranexamic acid, amene amathandiza magazi kuundana pabala. Kafukufuku wamkulu wa m'maiko 40, wofalitsidwa mu 2010, anaonetsa kuti amachepetsa imfa za otaya magazi, ndipo zinadziwika kuti amathandiza akaperekedwa pasanathe maola atatu. Werengera maola atatuwo pamapu athu aja. Uona kuti malo oyenera mankhwala otere ndi kuno kumunsi, osati ku Blantyre kokha.

Msinkhu wachiwiri ndi chipatala cha boma, monga cha Nsanje ndi cha Chikwawa, pamodzi ndi zipatala za mishoni monga Trinity ku Muona ndi St Montfort ku Nchalo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 300,000 m'boma la Nsanje ndi opitirira 560,000 m'boma la Chikwawa, ndipo anthu onsewa amadalira zipatala zowerengeka zimenezi. Gulu la akatswiri limene magazini ya zachipatala ya Lancet inasonkhanitsa linanena mu 2015 kuti munthu aliyense ayenera kukhala pamtunda wosapitirira maola awiri kuchokera kuchipatala chotha kuchita maopaleshoni atatu: kutulutsa mwana mwa mayi, kutsegula pamimba, ndi kusamala fupa lothyoka lotulukira kunja. Chipatala chikamatha atatuwa usana ndi usiku, ndiye kuti chili ndi magetsi, madzi, mpweya wa okosijeni, wogonetsa odwala, magazi ndi zida zowiritsa. Chimodzi chikasowa, opaleshoni yaima, ngakhale wodziwa kuchita alipo.

Pamsinkhu umenewu dziko lathu lili ndi chinthu chonyaditsa. Madokotala akuluakulu a mafupa ndi ochepa kwambiri ndipo amakhala m'mizinda. Poona zimenezi, mu 1985 dokotala wa ku Canada, Edward Blair, anayambitsa maphunziro a miyezi 18 osula makiliniko ofesa a mafupa. Kiliniko ofesa ndi wazachipatala amene si dokotala wa digiri koma anaphunzitsidwa kuyeza, kupereka mankhwala ndi kuchita maopaleshoni ena. Amene amawongola mafupa, kumanga chikhakha ndi kutsuka mabala a mafupa m'maboma monse ndi anthu amenewa, ndipo gawo lalikulu la ntchito ya mafupa m'Malawi lili pamapewa awo. 

Komabe ona malire ake. Munthu wothyoka fupa la m'ntchafu, m'zipatala zambiri za m'maboma amam'boola kachitsulo pansi pa bondo n'kupachika cholemera chokoka mwendo, ndipo amagona pabedi milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Kumene kuli zida, amam'lowetsa chitsulo mkati mwa fupa ndipo pakapita masiku ochepa amayamba kuyenda ndi ndodo. Kwa mlimi wa thonje kapena msodzi, kusiyana kumeneku ndi chakudya cha chaka chonse. Womudikirira nayenso wasiya munda, akugona pakhonde la chipatala.

Bala la ng'ona kapena mvuu lili ndi phunziro lakelake. M'kamwa mwa nyama zimenezi ndi m'madzi a m'dambo muli tizilombo tambiri, ndipo mano amaphwanya mnofu mkati kuposa mmene zikuonekera kunja. N'chifukwa chake achipatala sathamangira kusoka. Amatsuka ndi madzi ambiri, amachotsa mnofu wakufa, amapereka mankhwala opha tizilombo, amasiya bala lotsegula kwa masiku, n'kudzatseka pambuyo pake. Abale ena amakwiya poona bala losasoka, amayesa ulesi. Ukadzamva zotere uwafotokozere.

Nanga anthu khumi akafika nthawi imodzi, lole itagubuduka, ayambe ndani? Apa pali luso lotchedwa triage, ndiye kuti kusankha odwala potengera kuopsa kwa vuto lawo, osati potengera amene wafika poyamba kapena amene akulira kwambiri. Wolira mokweza akupuma bwino. Woopsa ndi uja wangoti zii pakona. Luso limeneli lili ndi mbiri kuno kwathu. Ku Gulupu, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anakonza njira yosankhira ana odwala kwambiri pakhomo penipeni pa chipatala, imfa za ana zinatsika, ndipo njira yotchedwa ETAT imene WHO inafalitsa mu 2005 inatsamira kwambiri pa ntchito ya ku Blantyre. Sanayambe ndi makina atsopano. Anayamba ndi kusintha kaimidwe ka mzere.

Magazi ndi nkhani ina. Sapangidwa kufakitale, amachokera m'mitsempha ya anthu. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003, limatolera magazi, kuwayeza ndi kuwagawa m'zipatala. Opereka ambiri ndi ana a sukulu za sekondale ndi makoleji, motero sukulu zikatsekera magazi amachepa, ndipo tchuthi cha Khirisimasi ndi nthawi imene ngozi zapamsewu zimachuluka ndiponso malungo amayamba kumaliza magazi a ana. Botolo limodzi limalimbiranidwa ndi mayi wobereka, mwana wa malungo ndi mnyamata wa njinga yamoto.

Msinkhu wachitatu ndi zipatala zazikulu zinayi: Queen Elizabeth ku Blantyre, Zomba, Kamuzu ku Lilongwe ndi Mzuzu. Kumeneko, ngakhale si m'zonse zinayi, ndi kumene kuli madokotala a ubongo, makina a CT scan ojambula mkati mwa mutu, chipinda cha odwala kayakaya ndi chipinda cha opsa ndi moto. Zinthu zasinthako m'zaka zapitazi. Sukulu ya madokotala inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo lero ili m'yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences. Chipatala cha mafupa cha Beit CURE chinatsegulidwa mu 2002. Gulupu anatsegula malo apadera olandirira akuluakulu ovulala ndi odwala mwadzidzidzi mu 2011, ndi chipatala cha opaleshoni ya ana cha Mercy James mu 2017. Ku Lilongwe kwamangidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION. Zonsezi ndi zabwino ndipo tiziyamikire. Koma zonse zili kumtunda kwa phiri, ndipo zimathandiza okhawo amene afika amoyo.

Pali gawo lina losaoneka ndi maso, koma lofunika: kaundula wa ovulala. Limeneli ndi buku kapena kompyuta mmene amalembamo aliyense wovulala, chimene chinam'vulaza, kumene zinachitikira, maola amene anatha panjira, thandizo limene analandira, ndi mmene zinathera. Chipatala cha Kamuzu Central chinayamba kaundula wotere mu 2008 mogwirizana ndi yunivesite ya North Carolina, ndipo mu 2018 zipatala khumi zinayamba kulemba mofanana. Ubwino wake ndi wotani? Popanda kulemba, aliyense amangonena zimene akuganiza. Ukalemba, umaona kuti pamphambano yakutiyakuti pafunika zitunda zochepetsa liwiro, kapena kuti ovulala a dera lakutilakuti amafika mochedwa. Koma kumbukira phunziro la ku Kumasi: kaundula wa m'chipatala amawerenga ofika okha. Womira mu Shire ndi wofera pangolo salowa m'buku, choncho mavuto a madera ngati athu amaoneka ochepa papepala kuposa mmene alili.

Gawo lomaliza ndi kubwezeretsa munthu m'moyo wake. Fupa likalumikizana, bondo limakhala louma, minofu yafota. Pamafunika mafizo, ndiye kuti masewera olimbitsa ndi kuwongola ziwalo motsogozedwa ndi katswiri. Woduka mwendo amafunika mwendo wopanga, wopuwala amafunika njinga ndi womuphunzitsa kupewa zilonda za pabedi. Malo ngati Kachere Rehabilitation Centre ali ku Blantyre, ndipo banja limene lagulitsa kale mbuzi polipira mayendedwe silibwererako kawiri. Ambiri amathera pakhonde. Dongosolo limene lapulumutsa moyo koma lasiya munthu wosatha kulima lagwira ntchito yake mwatheka.

Kupewa sindikuchedwapo chifukwa ukukudziwa kale. Chipewa choteteza mutu chivalidwe ndi woyendetsa ndi wokwera yemwe, ndipo chimangidwe pachibwano. Njinga yamoto si ya anthu anayi. Ngolo ndi njinga zoyenda usiku pa M1 zikhale ndi zowala. Wodwala khunyu asakhale yekha pamoto kapena pamtsinje, ndipo amwe mankhwala ake. Mjigo ukakhala pafupi, amayi ndi ana sapita kukatunga kumene kuli ng'ona.

Tsono ndikupatse ntchito, pakuti phunziro ili si lolembera mayeso okha. Lemba papepala manambala a foni a wamkulu wa chipatala chathu, a woyendetsa ambulansi, a apolisi, ndi a anthu awiri kapena atatu okhala ndi galimoto amene angadzuke usiku. Pepala limodzi likhale kusukulu, lina kwa amfumu, lina pasiteji ya kabaza. Ukakwanitsa zaka 16 ndipo thupi lako lili bwino, a magazi akabwera pasukulu usathawe. Kenako pita kwa wapampando wa akabaza ndi kukomiti ya zaumoyo ya m'mudzi, uwapemphe kuti aitane a Red Cross kapena namwino wathu adzaphunzitse anyamatawo tsiku limodzi lokha: kugoneka wokomoka chammbali, kudinikiza bala, kumanga fupa ndi kunyamula munthu pachitseko. Akakuuza kuti ndiwe mwana, uwauze za ku Kumasi ndi za ku Cambodia, ndipo ubwerereko mpaka tsikulo alitchule.